Udzudzu ndi Phula: Njira Ziwiri Zofikira pa Tsinde la Ubongo

Pa Manjawira, kummwera kwa boma la Ntcheu, msewu wa M1 umadutsa pakati penipeni pa anthu. Uku kuli masitolo, uko kuli ogulitsa malonda m'mphepete, ndipo pakati pakepo pamathamanga mabasi a pakati pa Blantyre ndi Lilongwe, mathiraki olemedwa ndi katundu, maminibasi ndi njinga zamoto za kabaza. Ukasiya phulalo n'kulowa m'midzi, makamaka mvula ikakhazikika kuyambira Disembala mpaka Epulo, madzi amadikha m'zithaphwi ndipo udzudzu umaswana.

Odwala awiri amene ndikufuna kuwaika pamodzi sagona wodi imodzi. Woyamba ndi mwana wa zaka zitatu kapena zinayi amene wakhala akutentha thupi, kenaka waphupha, ndipo tsopano sakudzuka ngakhale mayi ake amuitane dzina. Wachiwiri ndi mnyamata wa kabaza, kapena amene anam'kweza kumbuyo, amene wamenyetsa mutu pa phula. Mwanayo amapita kwa madokotala a ana, mnyamatayo kwa a maopaleshoni, ndipo achibale awo akakumana pa khonde la chipatala sangaganize n'komwe kuti akulira chinthu chimodzi. Komatu zikafika poipa, onse awiri amafera pa malo amodzi: tsinde la ubongo, limene m'mabuku a zachipatala amati brainstem, mkati mwa mutu cha ku nkhongo, pamene mutu umakumana ndi khosi.

Tsindeli si lalikulu. Kwa munthu wamkulu limatalika masentimita 7 kapena 8 basi, ndipo lili ndi zigawo zitatu zosanjikizana: midbrain pamwamba, pons pakati, medulla pansi. Medulla ikatuluka m'chigaza kudzera pa bowo lalikulu la pansi pake, imapitirira ngati mtsempha waukulu woyenda m'kati mwa fupa la msana. Uthenga wochoka ku ubongo waukulu kupita kumanja ndi kumiyendo umadutsa pamenepa, ndipo mu medulla ndimo njira zambiri za uthengawo zimapingasana. N'chifukwa chake munthu wovulala ubongo mbali ya kumanzere amafa ziwalo za kumanja. Pa mitsempha 12 iwiriiwiri imene imatumikira mutu, 10 imaphukira pa tsindeli. Ilipo yotembenuza maso, yochepetsa mwanadiso kukawala, yomvera kukhudza pa nkhope, yotafunira, yomvera mawu, yomezera ndi yoyendetsa lilime.

Pali ntchito ziwiri zimene zimaposa zonsezi. Yoyamba ndi kukhala maso. Mu 1949, Giuseppe Moruzzi ndi Horace Magoun anaonetsa kuti m'kati mwa tsinde muli maselo olukanalukana amene amadzutsa ubongo waukulu. Akapanikizika, munthu amakomoka ngakhale ubongo wa pamwamba utakhala wopanda bala. Yachiwiri ndi kupuma. Dokotala wa ku France, César Legallois, anapeza kalekale mu 1812 kuti lamulo lopuma limachokera mu medulla. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Mtima uli ndi kachipangizo kakekake kougunditsa, kotero ukhoza kupitiriza kugunda kwa kanthawi popanda kuuzidwa ndi ubongo. Mapapo alibe mwayi umenewo. Mpweya uliwonse umene timakoka, usana ndi usiku, tili maso kapena tili m'tulo, umadikira lamulo lochokera mu medulla. Lamulolo likaleka, kupuma kumaima mtima ukadagunda, ndipo mtimawo umatsatira pakangopita mphindi zochepa chifukwa chosowa mpweya.

Nanga malungo ndi phula zimafika bwanji pa malo obisika chonchi? Chigaza chili ngati chipanda chouma: sichitamuka, ndipo khomo lake lalikulu ndi limodzi lokha. M'kati mwake muli zinthu zitatu, ubongo, magazi ndi madzi oyera ozungulira ubongowo, ndipo malo onse ndi odzaza kale. Chimodzi chikachuluka, zinazo ziyenera kupatuka. Poyamba thupi limayesetsa, limakankhira madzi aja ku msana ndi kuchepetsa magazi a m'mitsempha yobwerera ku mtima. Malo amenewo akatha, chotsala ndi ubongo weniweniwo, ndipo umakankhidwira pansi, kulowera ku khomo lija. Pa khomopo ndi pamene pali tsinde.

Mpaka apa odwala athu awiri akuyenda limodzi. Amasiyana pa chimene chadzaza chigaza.

Kwa mwana wa malungo, palibe fupa losweka ndipo kawirikawiri palibe magazi ambiri otayikira m'mutu. Tizilombo ta Plasmodium falciparum tikalowa m'maselo ofiira a magazi, maselowo amayamba kumata, n'kukakamira m'timitsempha ting'onoting'ono ta mu ubongo. Magazi amayenda movutikira, makoma a timitsemphato amayamba kudontha, ndipo ubongo wonse umatupa, kumanja ndi kumanzere komwe. Palibe malo amodzi amene dokotala angaloze n'kunena kuti nachi choipa, tiyeni tichichotse.

Kwa wovulala pa msewu zimatha kuyenda m'njira zingapo. Ena tsinde lenilenilo limang'ambika pa nthawi ya ngoziyo, ndipo amenewa ambiri amatsirizikira pomwepo. Palibe ambulansi imene ikanawapulumutsa. Ena ubongo umatunduzika n'kutupa pang'onopang'ono kwa masiku awiri kapena atatu. Koma pali gulu lina limene limandiwawa mtima kwambiri. Pa litsipa, pakati pa diso ndi khutu, fupa la chigaza ndi lopyapyala, ndipo pansi pake penipeni pamadutsa mtsempha wa magazi ochokera ku mtima. Fupalo likasweka n'kuudula, magazi amayamba kusonkhana pakati pa chigaza ndi khungu lolimba lokuta ubongo. Munthu wotere akhoza kukomoka pang'ono, n'kutsitsimuka, n'kuimirira, n'kudzisasa fumbi, n'kuyamba kufunsa za njinga yake. Anthu amati wapulumuka, Mulungu ndi wamkulu. Iye amapita kunyumba akudandaula mutu. Pakapita maola angapo amasanza, amayamba kusinza, ndipo a pakhomo amati musiyeni apumule. Nthawi yonseyi magazi akuunjikana. Ubongo wake poyamba unalibe vuto lalikulu. Chimene chikumupha ndi chibuma cha magazi chimene dokotala wa opaleshoni akanatha kuchichotsa.

Choncho malungo amabwera poyera ndipo amapereka masiku. Mwana amatentha thupi lero, mawa akukana phala, mkuja waphupha. Si nthawi zonse pamene amadikira chonchi, ana ena amakomoka tsiku lomwelo, koma kawirikawiri mpata umakhalapo. Ngozi ya pa msewu imapereka maola, ndipo nthawi zina maola amenewo amaoneka ngati kuchira.

Chinthu chimene ambiri sadziwa n'chakuti miyeso iwiri imene madokotala a dziko lonse amayezera kukomoka inachokera ku odwala awiri omwewa. Mu 1974, ku Glasgow m'dziko la Scotland, Graham Teasdale ndi Bryan Jennett anakonza muyeso woyezera anthu ovulala mutu. Umayang'ana zinthu zitatu: ngati munthu akutsegula maso, ngati akuyankhula zomveka, ndi mmene akusunthira ziwalo. Masiku ano mapointi ake amayambira pa 3 kufika pa 15, ndipo wopeza 8 kapena kucheperapo ali pa ngozi yaikulu. Koma mwana wa miyezi 18 sungamufunse kuti lero ndi lachingati. N'chifukwa chake pa chipatala cha Gulupu, Queen Elizabeth Central Hospital, malemu Malcolm Molyneux, Terrie Taylor, Jack Wirima ndi anzawo anakonza muyeso wina woyenera ana, umene anaufalitsa mu 1989 atatsatira ana 131 okomoka. Umatchedwa Blantyre Coma Scale. Mapointi ake ndi 0 mpaka 5. Kodi mwana akutsatira nkhope ya mayi ake ndi maso? Akamutsina, akulira kulira kwenikweni kapena akungobuula? Akukankha dzanja lomutsinalo, akungobweza chiwalo, kapena sakusuntha n'komwe? Wopeza 2 kapena kucheperapo ndiye wakomoka kwenikweni. Muyeso umenewu, wokhala ndi dzina la mzinda wathu, umagwira ntchito m'zipatala za ana mu Africa monse ndi kupitirira. Sufuna magetsi kapena makina. Umafuna munthu woima pa bedi amene akudziwa chimene akuyang'ana, ndipo amabweranso pakapita ola kudzaona ngati nambala ija yatsika.

Maso nawo amalankhula mosiyana. Kwa wovulala mutu, dokotala amayatsa tochi n'kuyang'ana mwanadiso. Mtsempha wachitatu wa m'mutu, umene umachepetsa mwanadiso, umachoka mu midbrain n'kudutsa m'mphepete mwa khungu lolimba lopingasa m'chigaza. Ubongo ukamakankhidwa kuchokera mbali imodzi, mtsempha umenewu ndi umene umayamba kufinyika. Mwanadiso wa mbali imene kuli magaziyo amakula ndipo sachepa ngakhale umuwalitse tochi. Chizindikiro chimenechi chimauza dokotala mbali yoboola, komanso chimamuuza kuti nthawi yatsala pang'ono kutha. Pambuyo pake pamabwera zimene Harvey Cushing anafotokoza mu 1901: kuthamanga kwa magazi kumakwera, mtima umagunda mochedwa, kupuma kumasokonekera. Manja ndi miyendo zimaongoka gwa. Kwa mwana wa malungo zizindikiro zotsirizazi zimaonekanso, ena amafika popindika msana chagada, ndipo m'mudzi n'kosavuta kuti anthu oona zimenezi ayambe kunong'onezana za ufiti. Koma diso la mwana wa malungo lili ndi uthenga wina, mkati kumbuyo kwake. Kuyambira mu 1993, Susan Lewallen ndi anzake ku Blantyre anafotokoza kuti ukasuzumira ndi galasi kumbuyo kwa diso la mwana wa malungo a mu ubongo, umaona timadontho toyera, timitsempha tosintha mtundu ndi timagazi totayika. Zimene zikuchitika m'timitsempha ta mu ubongo zimachitikanso m'timitsempha ta m'diso, ndipo ta m'diso timaoneka.

Kufunika kwa zimenezi kunadziwika bwino mu 2004. M'dera ngati lathu ana ambiri amayenda ndi tizilombo ta malungo m'magazi osadwala, kotero mwana akakomoka n'kumupeza ndi tizilomboto, sizitanthauza kuti ndi timene tamukomola. Makolo ena ku Blantyre, pakati pa maliro awo, anavomera kuti matupi a ana awo apimidwe. Pa ana 31 amene anamwalira akuganiziridwa kuti anali ndi malungo a mu ubongo, 7 anapezeka kuti anafa ndi matenda ena. Chimene chinasiyanitsa bwino magulu awiriwa chinali kumbuyo kwa diso. Makolo amenewo sitiwadziwa mayina, koma dziko lonse lili nawo ndi ngongole.

Funso lina linatsalabe: kodi malungo a mu ubongo amapha bwanji? Anamwino ankadziwa kale kuti ana amenewa amangosiya kupuma mwadzidzidzi, mtima ukadagunda. Zimenezi zinkaloza ku tsinde, koma umboni unali wosakwanira. Mu 2008 pa Gulupu panabwera makina a MRI ojambula ubongo wa munthu wamoyo. Karl Seydel, Sam Kampondeni, Terrie Taylor ndi anzawo anajambula ana 168 okomoka ndi malungo amene maso awo anali ndi zizindikiro zija. Zotsatira zinatuluka mu 2015 m'magazini ya New England Journal of Medicine. Ana 25 anamwalira, ndipo 21 mwa iwo anali ndi ubongo wotupa kwambiri pofika m'chipatala. Pa ana 143 amene anachira, amene anali ndi kutupa kotereku anali 39. Nambala yotsirizayi ndi imene imapatsa chiyembekezo. Ana 39 anafika pa khomo lomwelo n'kubwerera, ndipo amene anajambulidwa kachiwiri anaonetsa kuti kutupako kumaphwa kokha pakapita masiku ochepa. Ndiye kuti mwana wa malungo akangothandizidwa kupuma pa masiku oopsawo, mwina ubongo wake ukhoza kudzibwezera malo. Ganizo limeneli ndi limene linabala kafukufuku wina ku Blantyre, woyesa makina opumira ndi dripi ya madzi a mchere wambiri pa ana otupa ubongo. Zinatheka chifukwa mu 2017 pa Gulupu panatsegulidwa Mercy James Centre, yokhala ndi chipinda choyamba m'dziko muno chosamalira ana odwala mwakayakaya.

Apa ndi pamene kusiyana kwa odwala awiriwa kumakula. Kutupa kwa malungo sikuchotsedwa ndi mpeni, koma kumaphwa kokha mwana akakhalabe ndi moyo. Chibuma chachikulu cha magazi sichidikirika kuti chiphwe chokha, koma chimachotsedwa ndi mpeni. Wina akusowa mpweya ndi nthawi, wina akusowa dokotala woboola chigaza, mwamsanga.

Pali mankhwala amene anakhumudwitsa mbali zonse ziwiri. Kwa zaka zambiri madokotala ankapereka mankhwala a gulu la steroid kwa aliyense wotupa ubongo, poganiza kuti amaphwetsa. Mu 1982, David Warrell ndi anzake ku Thailand anapeza kuti kwa odwala malungo a mu ubongo mankhwalawa amangotalikitsa kukomoka. Mu 2004, kafukufuku wotchedwa CRASH, wa anthu ovulala mutu pafupifupi 10,000, anapeza kuti opatsidwa mankhwalawa ankafa ambiri kuposa osapatsidwa. Chimene chinathandiza ana a malungo chinabwera kuchokera kwina: kupha tizilomboto msanga. Mu 2010, kafukufuku wa AQUAMAT wa ana a mu Africa 5,425 anaonetsa kuti pa ana 1,000 alionse opatsidwa kwinini ankamwalira 109, pamene pa opatsidwa jakisoni wa artesunate ankamwalira 85. Artesunate ndi amene tsopano amabayidwa m'zipatala zathu. Palinso wina wolowetsa kumbuyo kwa mwana wosakwana zaka 6 amene sangathe kumwa, kuti ayambe kugwira ntchito ali m'njira yopita kuchipatala. Ameneyo si mankhwala omaliza; mwana ayenera kukafikabe kuchipatala ngakhale aoneke ngati wapepukidwa. Ndipo anamwino amathamangira kuyeza shuga, chifukwa malungo aakulu amatsitsa shuga wa m'magazi, ndipo shuga wotsika payekha amakomola.

Ndipatuke pang'ono pa nkhani ya madzi a pamsana. Makolo ambiri amaopa, ena amathawa ndi mwana usiku akamva kuti adokotala akufuna kutenga madzi amenewa, poti amati amene watengedwa madzi a pamsana sabwerera. Mantha amenewa ndikuwamvetsa. Ana amene amatengedwa madziwo ndi odwalitsitsa kale, kotero ena amamwaliradi, ndipo chimene mayi amakumbukira ndi singano. Komanso madokotala eniake amasamala, satenga madziwo kwa munthu wovulala mutu kapena amene tsinde lake likuoneka kuti lafinyika kale. Koma madzi amenewa ndi amene amasiyanitsa malungo ndi matenda oumitsa khosi, amene amafuna mankhwala ena. Kafukufuku wa Christopher Moxon ndi anzake, wofalitsidwa mu 2016 kuchokera ku ana okomoka a ku Blantyre, sanapeze kuti kutenga madziwo kumaonjezera imfa.

Tibwerere ku msewu. Wovulala mutu wa pa Manjawira amayamba wafika pa chipatala chapafupi, n'kutumizidwa ku chipatala cha boma, ndipo ngati akufunika sikani ndi opaleshoni ya mutu, ulendo wake ndi wa ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Kwa zaka zambiri maopaleshoni a ubongo m'dziko lonse lino ankadalira anthu owerengeka, monga Patrick Kamalo wa pa Gulupu. Zinthu zasunthako. Pa Kamuzu Central Hospital pali tsopano Lilongwe Institute of Orthopaedics and Neurosurgery, ndipo madokotala achinyamata akuphunzira ntchitoyi. Komabe mtunda sunafupike. Lipoti la World Health Organization la 2018 linayerekeza kuti ku Malawi anthu 31 pa 100,000 alionse amafa pa msewu chaka chilichonse, chiwerengero chimene chinali m'gulu la zokwera kwambiri pa dziko lapansi, ndipo njinga zamoto za kabaza zachuluka kwambiri kuchokera nthawi imeneyo.

Chifukwa cha mtunda umenewu, maola oyamba a odwala onse awiri ali m'manja mwa anthu wamba, ndipo apa pali zofanana ndi zosiyana zimene aliyense ayenera kudziwa. Chofanana ndi ichi: wokomoka sameza. Kumeza ndi kutsokomola n'zochokera mu medulla momwemo, ndipo zikafooka, chilichonse chothiridwa m'kamwa chimalowera ku mapapo. Chikondi chimatiuza kuti timumwetse madzi, timupatse phala kapena chakumwa chotsekemera kuti apeze mphamvu, mwinanso mankhwala azitsamba. Chikondi chimenecho chikhoza kumutsamwitsa. Wokomoka asapatsidwe kanthu pakamwa, ndipo wophupha asamuike supuni kapena chala pakati pa mano. Mkonono wa munthu wokomoka nawo si tulo tabwino. Ndi lilime limene lagwera kukhosi n'kutseka njira. Mpweya ukachepa, mitsempha ya mu ubongo imatukumuka, kutupa kumaonjezereka, ndipo tsinde limafinyika msanga. Kumugoneka cham'mbali kuti malovu ndi masanzi zituluke ndi thandizo lenileni, lopulumutsa ubongo.

Chosiyana ndi kanyamulidwe. Mwana wa malungo m'tengeni, thamangani naye, pa njinga, pa galimoto, pa chilichonse chimene chilipo, mutamugoneka cham'mbali m'manja. Wovulala pa msewu sanyamulidwa choncho. Mphamvu imene yaswa mutu ikhoza kuthyolanso khosi, ndipo mitsempha yolamula mnofu waukulu wopumira imatulukira m'mafupa a khosi, lachitatu mpaka lachisanu. Kumukoka manja ndi miyendo mutu ukulendewera, n'kumupinda pa mpando wa minibasi, kukhoza kumaliza chimene ngozi inasiya. Munthu mmodzi agwire mutu kuti ulunjikane ndi thupi, ena am'tembenuze onse pamodzi, amuike pa chitseko kapena thabwa. Kuchedwa kwa mphindi zitatu zimenezo n'kopindulitsa.

Palinso msampha wina umene uli ku mbali ya msewu kokha, mowa. Wovulala akamanunkha mowa, anthu amafulumira kunena kuti waledzera, akagone utha. Mowa ndi magazi a m'chigaza zimaoneka mofanana: kudzandira, kulankhula zosamveka, kusanza, tulo. Kusiyana kwake n'kwakuti woledzera amanka napepukidwa, pamene wotaya magazi m'mutu amanka namira. Aliyense amene wamenyetsa mutu n'kukomoka, ngakhale kwa kanthawi, kapena amene akusanza, mutu ukunkira kupweteka, akutuluka magazi kapena madzi m'khutu ndi m'mphuno, apite kuchipatala, kaya wamwa kaya sanamwe. Akabwezedwa kunyumba, pakhale munthu womudzutsa usiku ndi kumufunsa dzina lake.

Opulumuka a mbali zonse sabwerera onse mmene analili. Gretchen Birbeck ndi anzake anatsatira ana 132 ochira malungo a mu ubongo ku Blantyre, ndipo mu 2010 analengeza kuti pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anadzakhala ndi vuto: ena khunyu, ena kufooka ziwalo kapena kuvutika kulankhula, ena khalidwe lovuta. Mavuto ena amaoneka patapita miyezi, mwana atatuluka kale m'chipatala ali bwinobwino, ndipo kusukulu amangomutcha wopulupudza kapena wosamva. Wovulala mutu naye akhoza kubwerera ali waukali, woiwalaiwala, wosatha kugwira ntchito imene ankadyetsera banja. Mabala amenewa ali mu ubongo waukulu. Tsinde linapirira, n'chifukwa chake ali moyo, koma chisamaliro chawo chimatha tsiku lotuluka m'chipatala.

Ndikaika ziwirizi pa sikelo, sindinganene kuti china n'chopepuka. Malungo amatenga ana aang'ono ambiri ndipo amabwera chaka chilichonse. Koma ndikuona kuti pa malungo dziko lathu linamanga mipanda ingapo mwana asanafike pokomoka. Malawi inali dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine mu 1993, inayamba kugwiritsa ntchito mankhwala a LA mu 2007, ndipo pa 23 Epulo 2019 inakhala dziko loyamba kupereka katemera wa malungo wa RTS,S kwa ana kudzera ku sikelo. Pali maneti, pali kuyeza magazi pa chala kumene kumatha mphindi zochepa, pali alangizi a zaumoyo amene amakhala m'midzi momwemo. Mipanda imeneyi ili ndi mipata, mankhwala amatha, maneti amang'ambika, koma ilipo, ndipo mayi aliyense wa pa Manjawira amadziwa kuti mwana wotentha thupi sagona naye kawiri.

Ku mbali ya msewu mpanda weniweni ndi umodzi, helemeti. Kafukufuku wosonkhanitsidwa ndi bungwe la Cochrane anapeza kuti helemeti imachepetsa imfa za okwera njinga zamoto ndi 42 pa 100 alionse, ndi kuvulala mutu ndi 69 pa 100. Koma pa siteji ya kabaza, helemeti ikakhalapo imakhala imodzi, ya woyendetsa, nthawi zina yopachikidwa pa chigongono kapena yosamanga lamba, ndipo yosamanga lamba imauluka mutu usanafike pansi. Mayi wokwera kumbuyo, mwana ali kumsana, alibe kanthu. Kupitirira apo palibe munthu wa m'mudzi amene anaphunzitsidwa za mutu wovulala monga momwe alangizi anaphunzitsidwira za malungo.

Komatu anthu oti aphunzitsidwe alipo kale. Ngozi ikachitika pa M1, oyamba kufika ndi anyamata a kabaza eniake, makondakitala ndi ogulitsa malonda m'mphepete mwa msewu. Masiteji a kabaza ali ndi atcheyamani ndi malamulo awoawo, amasonkha ndalama mnzawo akagwa m'mavuto, amalanga wolumpha mzere. Akuluakulu a zaumoyo m'boma atawatengera anthu amenewa tsiku limodzi pa chaka, akhoza kuwaphunzitsa kugwira khosi, kutsegula njira ya mpweya, kuyang'ana mwanadiso ndi tochi ya pa foni, ndi kulemba nthawi imene ngozi yachitika komanso ngati wovulalayo analankhulapo asanakomoke. Mfundo ziwiri zomalizazi ndi zimene dokotala wa ku Ntcheu amafuna kumva poyamba akamaganiza zoimba foni ku chipatala chachikulu. Ndipo siteji imene imatha kulipiritsa munthu chifukwa cholanda kasitomala wa mnzake ingathenso kuletsa njinga kunyamuka wokwera asanamange lamba wa helemeti yachiwiri.